Kwanu Nkuti? Kaya

Akuluakulu adati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Njoka ndiye mwini thengo. Siyenda ndi katundu, sifuna denga, paliponse pamene pali udzu ndi pake. Komabe nayo ikazungulirazungulira, dzuwa likaiwamba, imafunafuna dzenje lake lomwe lija. Tsono ngati thengo lidakanika njoka, munthu wa miyendo iwiri, wofuna moto ndi mnzake wootha naye, angalithe bwanji? Ndiwo mwambi umene amalume amatsanzika nawo mwana wa mlongo wawo popita kutali kukafuna ntchito, ndiwonso umene amamulandira nawo akabwerako chimanjamanja.

Koma amene adaupeka mwambiwu sankavutika kuloza kwawo. Ankadziwa pamene padakwiriridwa mchombo wawo, ankadziwa msitu umene mudagona ambuye awo, ndipo munthu akawafunsa kuti "kwanu nkuti?" ankatchula mfumu ndi mtsinje, nkhani nkuthera pomwepo. Ku Kamushanga, komboni ina ya m'tauni ya Kabwe pakati pa dziko la Zambia, funso lomweli silithera pomwepo. Wina amatchula Petauke kumene sadapondeko. Wina amatchula Kasama kumene adangopitako ku maliro ali mwana. Wina amayamba wafunsa kuti, "Kwa amayi kapena kwa atate?" Ndipo alipo amene amaseka pang'ono nkuyankha ndi mawu amodzi okha a zilembo zinayi: kaya. Sakunama ameneyo, sakuchitanso chipongwe.

Ife a Chichewa, kapena Chinyanja monga chimatchulidwira kuno, kaya timamudziwa kuti ndi mawu a munthu wosadziwa. Koma kaya ndi "sindikudziwa" si amodzi. "Sindikudziwa" ndi yankho louma, loyenera pamaso pa woweruza. Kaya amabwera ndi thupi lonse: mapewa akwere, zikhatho zitembenuke, mlomo wam'munsi utuluke pang'ono. Mayi wogulitsa kapenta pa msika wa Kamushanga mukamufunsa ngati mtengo utsike mwezi ukatha, iye nkuti "kaya", wakuuzani zitatu pakamodzi: sakudziwa, sakuyembekezera, ndipo wokweza mitengoyo si iye. Mnyamata amene amalume ake amufunsa tsiku lobweza ngongole, akapinda manja nkuti "kayatu, amalume", wakana ndithu, koma wakana mosachititsa munthu wamkulu manyazi. Palinso kaya wa kholo limene latopa nako kulangiza: "Kaya zako izo." Ameneyu amaopsa kuposa mkwapulo, chifukwa mwana amadziwa kuti mawu atha.

Chodabwitsa nchakuti mawu omwewa mukawanena kawiri amasanduka lumbiro. Kaya kugwe mvula kaya kuwale dzuwa, ine ndipita. Kaya afune kaya asafune, mwanayu alowa sukulu. Wokayika uja tsopano wawerenga zonse zimene sakuzidziwa, waziika pambali, wanyamuka. Ine ndimaona kuti moyo wa m'komboni umayendera kaya wachiwiriyu, ngakhale amene amamveka kwambiri pakamwa ndi woyamba uja.

Kabwe ndi dziko la Alenje, koma chimene chimamveka kwambiri pa msika ndi m'minibasi ndi Chibemba cha m'tauni, chothiridwa Chinyanja ndi Chingerezi. Abemba ali ndi mawu awoawo okayikira, katwishi, komabe kaya wathu adalowa m'kamwa mwawo kalekale ndipo palibe amamufunsa chitupa. Tsono pa msika womwewo pakhale agogo a Chitumbuka, ochokera ku Lundazi kapena ku Chama, kapena amene makolo awo adawoloka malire kuchokera ku Mzimba ndi ku Rumphi. Kwa iwo kaya ndi mudzi. Kukaya ndi kumudzi, kumene kuli manda ndi minda ya makolo, kumene munthu amatchulidwa ndi chiwongo chake osati ndi nambala ya nyumba. Mdzukulu wawo wobadwira m'tauni, amene Chitumbuka chake chidatsala mawu owerengeka, amatha kuwafunsa m'Chinyanja:

"Ambuya, kukaya mupita liti?"

"Kaya, mwana wanga."

Funso ndi yankho zagwiritsa mawu amodzi, ndipo awiriwo sakuona chachilendo chilichonse. Amvana bwinobwino. Kaya woyamba ndi malo amene agogowo amawalota, wachiwiri ndi mtengo wa basi, mawondo owawa, ndi abale amene adatha kumwalira kotero kuti ngakhale atapita sakudziwa khomo limene angagogode.

Mbemba amene wamvera macheza amenewa ali ndi kaya wachitatu m'thumba. M'chilankhulo chake umukaya ndi mwini mudzi, mbadwa ya pamalo, munthu wosiyana ndi umweni, mlendo. Mukaya ndi amene amadziwa njira yachidule yopita ku chigayo, chitsime chimene chimaphwa mu October, khomo limene simuyenera kugogoda usiku. Kunena mwachidule, mukaya ndi munthu amene mukamufunsa za pamalopo sangayankhe kuti kaya. Choncho pa msika umodzi, pakati pa milu ya tomato ndi matumba a malasha, mawu amodzi akutanthauza kusadziwa, akutanthauza kumudzi, akutanthauzanso munthu wodziwa zonse za pamudzi.

Awiri omalizawa ndi apachibale. Akatswiri amene adayerekeza zilankhulo za Chibantu mazanamazana adapeza kuti kaya wa mudzi ndi mawu akale kwambiri, amene makolo adayenda nawo pobalalika. Ndiye ikhaya wa Azulu, Axhosa ndi Andebele, ndiye kaya wa Atsonga a ku Mozambique ndi South Africa. M'Chiswahili kaya ndi banja la pakhomo limodzi, ndipo ndi mawu amene boma la Tanzania limagwiritsa powerenga mabanja pa kalembera. Ku gombe la Kenya, Amijikenda amatcha kaya misitu yopatulika imene kale munali midzi yawo ya malinga. Midziyo adaisiya, koma mitengo yake saidula chifukwa makolo ali momwemo, ndipo mu 2008 bungwe la UNESCO lidaika misituyo m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse. Ife Achewa tili ndi mudzi, tili ndi kwathu. Kaya wathu alibe nyumba, alibe munda, amangoyendayenda m'milomo ya anthu.

Chidakumanitsa zilankhulo za pa msika uja pamalo amodzi ndi mwala. Mu 1902 katswiri wa migodi T. G. Davey adaona miyala ya mtovu ndi zinki pa timapiri ta kuno, ndipo adatcha malowo Broken Hill potengera mgodi wotchuka wa ku Australia. Ngakhale dzina la tauniyi lidali lobwera, lochokera kutsidya kwa nyanja. Njanji idafika mu 1906, patangopita chaka mlatho wa pa Victoria Falls utamalizidwa. Kenako kudabwera anthu. Msonkho unkafuna ndalama, ndalama zidali ku mgodi ndi ku njanji, choncho amuna adauyamba wapansi: Abemba ndi Abisa kuchokera kumpoto, Alala ndi Aswaka apafupi pomwepa, Ansenga, Angoni ndi Achewa a dera la Fort Jameson, lero Chipata, ndiponso a ku Nyasaland, amene ena mwa iwo, poti adaphunzira ku mishoni monga Livingstonia, ankapeza ntchito za ukalaliki ndi ukapitawo.

Azungu a mu mgodi sadavutike nako kuphunzira zilankhulo zonsezi. Adabwera ndi chilankhulo cha ntchito cha ku migodi ya kumwera, chimene ku Joni amati Fanakalo, ku Southern Rhodesia Chilapalapa, kuno Chikabanga: mafupa a Chizulu ochotsedwa mnofu, okwanira kulamulira munthu kuti anyamule, akumbe, afulumire. Ikhaya adalowa m'menemo, ndipo potuluka m'kamwa mwa dona adali kaya, kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya bwana, pafupi ndi mulu wa nkhuni, mogona khukhi ndi wothirira maluwa. Ku Malawi timati boyizikota. Pa matanthauzo onse a mawuwa, ili ndi limene limandiwawa. Mawu amene kwa Mzulu ankanyamula khola la ng'ombe, manda a makolo ndi nyumba zonse za pakhomo adapanikizidwa mpaka kukwana m'chipinda chimodzi, chimene ngakhale mkazi wa wogonamoyo ankalowamo bwana akalola. Mtumbuka wogwira ukhukhi ku mayadi a Broken Hill ankauzidwa madzulo kuti apite ku kaya, iye nkuzungulira kuseri kwa nyumba, pamene kukaya kwenikweni kudali ulendo wa masabata. Boma la tsankho la South Africa lidaseweranso ndi mawu omwewa mu 1983, pamene lidakonza zotaya anthu akuda pa mchenga wa kunja kwa Cape Town nkupatcha Khayelitsha, mudzi watsopano m'Chixhosa.

Kuseri kwa zonsezi kudali chiphunzitso chimene boma la atsamunda ndi makampani ankachikonda chifukwa chidali chotsika mtengo: chakuti munthu wakuda m'tauni ndi mlendo. Kwawo nkumudzi. Akadwala abwerere kumudzi, akakalamba abwerere kumudzi, mkazi ndi ana adye za kumudzi, choncho malipiro ndi nyumba zikhale za munthu mmodzi. Tinganene kuti adatenga mwambi wathu uja nkuusandutsa lamulo. Godfrey Wilson, mkulu woyamba wa Rhodes-Livingstone Institute, adachita kafukufuku wake ku Broken Hill komwe kuno mu 1939 ndi 1940, ndipo adapeza zosiyana ndi chiphunzitsocho. Amuna ambiri adali atatha zaka zochuluka za ukulu wawo m'tauni, ambiri adali ndi akazi awo pomwepo, ena ankalima pa minda ya maekala asanu imene mgodi unkabwereka antchito ake. Kumudzi ankapitako kukacheza, atanyamula zovala za abale, nkubwereranso. Akuluakulu a mgodi sadakondwe naye mzungu wokhala pansi ndi antchito nkumasuta nawo fodya, adamuletsa kulowa m'komboni, ndipo posakhalitsa adasiya ntchitoyo. Koma chimene adaona chidali choona: anthu adali atayamba kale kukhala akaya a pamalo pamene lamulo linkawatcha alendo.

Kumudzi nako adali ndi dzina lawo la anthu otere: matchona. Kutchona si kufa, si kuthawa, ndi kungopitirira kukhala. Chaka choyamba kalata imabwera ndi ndalama, chachiwiri kalata yokha, chachisanu uthenga wapakamwa wa munthu amene adamuona pa siteshoni. Mkazi wotsala pakhomo akafunsidwa ku chitsime kuti abambo abwera liti, yankho lake lidali lomwe lija la zilembo zinayi. Mwamuna ku Broken Hill akafunsidwa ndi anzake kuti kukaya abwerera liti, lidalinso lomwelo. Sitiyenera kufulumira kuwaweruza amunawo. Kubwerera kunkafuna sutikesi, njinga, bulangete la apongozi, ndi nkhope ya munthu amene zake zidayenda. Ambiri sadakane kwawo. Adangodikira chaka chimene adzakhale ndi zokwanira, ndipo chakacho chidapeza ana atabadwa, atalowa sukulu, akuyankhula Chibemba.

Mukatuluka mu Afrika wa Chibantu, kaya mumupezabe, koma kumeneko si m'bale ayi, ndi mnzake wa dzina chabe. Ku Malaysia ndi Indonesia munthu wa kaya ndi wolemera. Ku Japan kaya ndi neti yotchinga udzudzu. Ku Jamaica ndi chamba, ndipo ndiko kudachokera dzina la chimbale cha Bob Marley cha 1978. M'Chihausa kaya ndi katundu, ndipo atsikana ochokera kumpoto kwa Ghana amene amasenza katundu wa anthu pamutu m'misika ya Accra ndi Kumasi amatchedwa kayayei. Ambiri amagona pa makhonde a masitolo, ndiye kuti ali ndi kaya pamutu koma alibe kaya wogonamo. Pamowa simulephera kupeza munthu amene akamva zotere amalumpha nkunena kuti basi, anthu onse adachokera kwathu, umboni ndi umenewu. Sichoncho. Padziko pali zilankhulo pafupifupi 7,000, pamene maphokoso amene lilime ndi mmero zimapanga mosavuta ndi owerengeka, ndipo ka ndi ya ali m'gulu la osavutitsitsa. Zikadakhala zodabwitsa mawu ofupika chonchi akadapezeka m'chilankhulo chimodzi chokha. Ubale wa mawu umatsimikizika ndi mzere wonse wa mawu ena osintha mofanana, osati ndi kufanana kwa nkhope kwa mawu amodzi.

Komabe pali mmodzi wa alendowa amene sindingamupitirire. M'chilankhulo cha ku Turkey, kaya ndi thanthwe. Ndipo tauni ino, ufulu utabwera, idavula dzina la ku Australia nkuvala lakale la pamalopo, Kabwe, chidule cha Kabwe ka Mukuba. M'Chibemba ilibwe ndi mwala, akabwe ndi kamwala, umukuba ndi mkuwa. Palibe chingwe chilichonse cholumikiza Ankara ndi Kabwe pa nkhaniyi, zidangochitika. Koma munthu amaloledwa kuima kaye pa zongochitika, chifukwa kuno mwala, mudzi ndi chikayiko zidalukanadi, osati m'buku la matanthauzo a mawu koma m'dothi.

Mgodi udatsekedwa mu 1994, patatha zaka pafupifupi 90 ukutulutsa mtovu ndi zinki. Udasiya phiri la zinyalala za m'ng'anjo limene anthu amati Black Mountain, ndi fumbi la mtovu m'mabwalo osewerera ana, makamaka m'makomboni oyandikana ndi mgodiwo monga Kasanda, Makululu ndi Chowa. Mtovu sununkha, suwawa pakhungu. Umalowa m'magazi a mwana wokwawa amene amaika zala m'kamwa, nkukawononga ubongo mwakachetechete, mpaka mphunzitsi nkumadabwa kuti mwanayu bwanji sagwira zinthu. Mu 2020 maloya adakasuma ku khoti la ku Johannesburg m'malo mwa amayi ndi ana pafupifupi 140,000 a ku Kabwe, kusumira kampani ya Anglo American imene idali ndi dzanja mu mgodiwu kuyambira 1925 mpaka 1974. Kampaniyo imakana mlanduwo, ndipo mu December 2023 khotilo lidakana kuti uzengedwe ngati wa gulu, osumawo nkuchita apilo. Amene adapeka mwambi wa njoka sadaganizepo za kwanu kotere, kumene dothi lenilenilo ndi lokayikitsa. Koma anthu sadasamuke. Ena alibe kopita, inde. Ena mukawafunsa amakuyang'anani modabwa: tipite kuti, si kwathu kuno?

Mukaya wamkulu wa Kabwe yense, amene adakhala pano Mlenje asanafike, nayenso ndi mtchona. Pa 17 June 1921 anthu okumba mu mgodi, motsogozedwa ndi Tom Zwiglaar wa ku Switzerland, adapeza chigaza cha munthu wakalekale m'phanga. Chidatumizidwa ku London, kumene Arthur Smith Woodward adachipatsa dzina loti Homo rhodesiensis, dzina la Cecil Rhodes pa mutu wa munthu amene kafukufuku wofalitsidwa mu 2020 adati adakhalako zaka pafupifupi 299,000 zapitazo. Chigazacho chili ku Natural History Museum. Zambia yakhala ikuchipempha kwa zaka zambiri kuti chibwerere. Phanga limene adachipezamo lidakumbidwa lonse pofuna mtovu, kotero kuti ngakhale atabwera lero, dzenje lake lomwe lija kulibenso.

Ine ndimakhulupirira kuti chimene chimasandutsa mlendo kukhala mukaya si zaka, si chilankhulo, koma maliro. Kunyamula thupi kuchoka ku Kabwe kukafika nalo ku Mzimba kapena ku Katete ndi ndalama zimene mabanja ambiri a m'komboni sangazipeze, choncho amaika konkuno. Ndipo pa maliro a m'tauni mpamene mumaona ubale umene mgodi ndi njanji zidaukulitsa: chimbuya, chibale chanthabwala cha Abemba ndi anthu a kum'mawa, chimene amati chidachokera ku nkhondo zakale za Abemba ndi Angoni. Akamwalira wa kum'mawa, Abemba ndiwo amatanganidwa ndi moto ndi miphika, kwinaku akunyoza ofedwa kuti ndi odya mbewa, kuwapaka ufa kumaso, kuwalipiritsa. Akamwalira Mbemba, a kum'mawa amabwezera, nkumafunsa ngati nyama ya pusi yatsalako. Mlendo weniweni sangayerekeze kunyoza munthu pa maliro a mayi ake. Amene wakupakani ufa tsiku limenelo wakuuzani kuti ndinu wa pano. Ndipo munthu akaika mayi ake m'dothi la Kabwe, kumudzi kumatsala dzina lokoma kulitchula, koma miyendo yake pa tsiku lokalambula manda imadziwa kolowera.

Boma lokha ndilo silimva kaya. Mwana wa ku Zambia akakwana zaka 16 amakatenga reji, chitupa chobiriwira cha unzika, ndipo pamenepo pamafunika mudzi, mfumu ndi boma la kwawo. Mtsikana wobadwira ku Kamushanga, amene mayi ake adabadwiranso m'Kabwe momwemo, amayamba wafunsa kunyumba kuti akatchule mudzi uti. Amapatsidwa dzina la mudzi wa agogo, amaliloweza panjira, kalaliki amalilemba, ndipo kuyambira tsikulo pepala limati kwawo nkumeneko. Nthawi zambiri zimathera pomwepo, palibe wovulala. Koma funso limeneli likalowa m'manja mwa andale limasanduka mpeni. Mu 1994, chaka chomwe mgodi udatsekedwa, boma la Frederick Chiluba lidathamangitsira ku Malawi andale awiri a chipani cha UNIP, William Banda ndi John Chinula, ponena kuti si a Zambia. Chinula adamwalira asanaloledwe kubwerera.

Mpeniwo udalinga munthu wamkulu kuposa awiriwa. Kenneth Kaunda adabadwira ku Lubwa, m'boma la Chinsali, mu 1924, koma bambo ake David Kaunda adali mphunzitsi ndi mlaliki wochokera ku Nyasaland, wotumidwa ndi mishoni ya Livingstonia. Mbiri ya Kaunda idadutsa m'Kabwe kangapo. Pa thanthwe la Mulungushi, kumpoto kwa tauniyi, mpamene chipani chake cha UNIP chidachitira msonkhano kutali ndi maso a atsamunda, ndipo mpamenenso adalengezera mu 1968 kuti boma litenga gawo lalikulu m'makampani a alendo. Adalamulira dziko zaka 27. Mu 1996 malamulo a dziko adasinthidwa kuti wopikisana pa upulezidenti akhale amene makolo ake onse awiri ndi a Zambia, ndipo aliyense adadziwa amene ankamunena. Lamulolo lidaluma ndi mwini wake yemwe, poti otsutsa adakasuma kuti Chiluba nayenso makolo ake ngokayikitsa, ngakhale khoti lidaukana mlanduwo mu 1998. Mu August 1997 Kaunda adavulazidwa ndi chipolopolo m'Kabwe muno, apolisi akubalalitsa msonkhano umene adabwerera pamodzi ndi wandale mnzake Rodger Chongwe. Pa Khirisimasi ya chaka chomwecho adamangidwa nkutsekeredwa ku ndende ya Mukobeko, m'Kabwe momwemuno. Ndipo mu March 1999 khoti lalikulu ku Ndola lidagamula kuti munthu amene siginecha yake idali pa mapepala a ufulu wa dzikolo si nzika ya Zambia, komanso si nzika ya Malawi. Chimene agogo a pa msika amanena ndi mapewa, woweruza adachilemba ndi chidindo.

Chigamulocho chidafafanizidwa pambuyo pake, ndipo Kaunda adakalamba akutchedwa tate wa dziko. Adamwalira pa 17 June 2021, tsiku lomwe chigaza chija chidakwanitsa zaka 100 chitulukire m'phanga. Mkangano wa kwawo sudathe ndi mpweya wake. Ena a m'banja, motsogozedwa ndi mwana wake Kaweche, adapita ku khoti ponena kuti bambo awo adafuna kugona pafupi ndi mkazi wawo Betty. Boma lidati ayi, ameneyu ndi wa dziko lonse, malo ake ndi Embassy Park ku Lusaka pamodzi ndi apulezidenti anzake, Chiluba ali pomwepo. Khoti silidaimitse mwambowo, ndipo adaikidwa kumeneko pa 7 July 2021.